Motoka ya ba mudala

Tsiku loyamba kuimika Allion yathu pabwalo la wayilesi, anzathu a m'chipinda cha nkhani anatuluka onse kudzaiona. Anaizungulira kawiri, wina anagunda tayala ndi nsapato, wina anasuzumira pawindo. Kenako mnyamata amene amakhala pa maikolofoni Loweruka masana ndi nyimbo za achinyamata anafunsa funso lomwe tinkalidikira: “Manje ba boss, motoka ya ba mudala mwaigulila chani? Mark X simunaione?” Onse anafa ndi phwete, nafenso tinaseka nawo. Mark X tinaiona ndithu, ndipo panatsala pang'ono chabe kuti tiigule.

Tikamati “ife” tikukamba za anthu awiri a m'nyumba ya lendi ku Kaunda Square, ndi kamwana kamodzi ka giredi 2. Mmodzi wa ife amaphunzitsa pa sukulu ya pulaimale. Winayo ndi wongodzipereka pa wayilesi ya m'dera, kumene malipiro ake ndi ya basi ndi “zikomo” wa omvera. Yogulira ufa imachokera ku u-MC wa maukwati ndi ma kitchen party, ndiponso kujambulira masitolo mauthenga a malonda. Ndalama ya motoka tinaisonkha zaka zitatu ndi theka, mu chilimba cha aphunzitsi ndi village banking, mpaka tinaiwala kukoma kwa soseji. Munthu wosonkha motero amagula kamodzi. Akalakwitsa, motoka imakakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumaikiramo mazira, ndipo m'komboni iliyonse mu Lusaka muli zitsanzo zake.

Amene anatiumiriza kugula ndi amayi, omwe kwa mmodzi wa ife ndi omubereka, kwa winayo ndi apongozi. Amakhala kumudzi kufupi ndi Katete. Msana ndi chiuno zinayamba kuwavuta mpaka madokotala anati azibwera ku Lusaka miyezi itatu iliyonse. Chaka choyamba ankabwera pa basi. Amene anakwerapo basi ya kum'mawa akudziwa mmene zimakhalira: mipando isanu pamzere umodzi, katundu m'kanjira kapakati, mawondo atakanikizana ndi mpando wakutsogolo, dalaivala akupikisana ndi mnzake kuti ayambe ndiye kufika pa siteshoni yotsatira. Tinkawachingamira ku Intercity ali gwa ngati mtengo, ndipo masiku awiri otsatira sankatha kuwerama ngakhale kuti avale nsapato. Tsiku lina tikudya nsima anati, “Ana anga, ulendo wina musadzandiitanenso. Ndikafere kwathu.” Amayi sakamba chinthu kawiri.

Usiku womwewo tinatenga pepala n'kuwerengera. Kuchoka ku Lusaka kufika ku Katete pa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 490. Tsiku lililonse la chipatala limafuna maulendo anayi: kukawatenga, kubwera nawo, kuwabweza, ndi kubwerera tokha. Amenewo ndi makilomita 1,960, ndipo kanayi pachaka akuyandikira 8,000. Ndiye kuti motoka yomwe tinkafuna inali yoti inyamule mayi wa zaka za m'ma 60 wodwala msana, kwa maola 7, pa mseu wopapatiza wodzaza matiraki, popanda kutisiya ndi nkhongole ya mafuta. Zozungulira pa Manda Hill Lachisanu madzulo mawindo ali otsitsa sizinalembedwe papepalapo.

Komabe mutu wa munthu wa zaka za m'ma 30 suchira msanga. Tisanagule yathu, ulendo wina tinabwereka Altezza ya msuweni. Yofiira, yotsika mpaka kununkhiza phula, marimu a 17 onyezimira, ekizozi yobangula. Titangodutsa pa toll gate ya ku Chongwe, mmodzi wa ife (sitimutchula dzina, koma si mphunzitsiyo) anaiponda mpaka singano inafika pa 140. Zinali zokoma kwa kanthawi. Titapitirira Rufunsa, tikumaliza kudutsa tiraki, tinakumana ndi dzenje. Phokoso lake tikulimvabe mpaka lero. Rimu inapindika, tayala linang'ambika m'mbali, motoka inaterereka kulowera kumanja mamita angapo isanamverenso chiwongolero. Kukanakhala kuti kutsogolo kukubwera basi, maina athu akanamveka pa pulogalamu ya mauthenga a maliro, yomwe woyendetsayo ndiye amaiwerenga Lachiwiri ndi Lachinayi.

Mu buti tinapezamo katayala kowonda kaja anthu amati bisiketi, kolembedwa kuti kasapitirire 80. Tayala la 17 sitinalipeze pa Luangwa, ku Nyimba nakonso kunalibe. Ku Petauke ndi kumene tinapeza lakale pa mtengo wa latsopano, rimu n'kuiwongola ndi hamala. Choncho makilomita oposa 200 tinawayenda pa 70 ndi 75, aliyense atayang'ana pawindo lake, osakambitsana.

Mkwiyo utaphwa tinayamba kuona zinthu. Singano ya mafuta, yomwe m'mawa inkatsika ngati ikuthawa wina, inali kusuntha pang'onopang'ono. Mapewa a woyendetsa anamasuka, zala zinasiya kufinya chiwongolero. Maenje ankaoneka patali, nthawi yowazemba ilipo. Tinafika kumudzi mochedwa, koma tili ndi mphamvu zopereka moni khomo ndi khomo monga mwa mwambo.

Pobwerera, amayi kuti alowe m'kampando kotsika kaja anachita kugwiridwa ndi anthu awiri. Hampu iliyonse ya ku Sinda inkawalasa mumsana, ife n'kumawamva akuusa moyo kumbuyo. Woyendetsa ataiwala za dzulo n'kufikanso pa 110, amayi anakodola mwana wawo, pakuti kwathu mpongozi sakamba ndi mkamwini maso ndi maso: “Iwe, tawafunse apongoziwa, kodi tikuthamangira maliro a yani?” Phazi linachoka lokha pa mafuta.

Zomwe tinaona tsikulo zili ndi chifukwa chake, ndipo mphunzitsi wa m'nyumba mwathu anachilemba kuseri kwa risiti ya mafuta. Pa mseu wautali chimene chimadya petulo kwambiri ndi mphepo. Tulutsani dzanja pawindo pa 40, kenako pa 100, mudzamva kusiyana kwake. Mphamvu yomwe mphepo imakankhira motoka imakula mwa kuchulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo, kotero kuti mukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakukankhani kanayi. Kuchoka pa 90 kufika pa 120 mwawonjezera gawo limodzi mwa magawo atatu, koma mphepo yawonjezeka ndi pafupifupi 78 peresenti. Mabuleki amatsata lamulo lomwelo: mtunda woti motoka iime umatalika chimodzimodzi. Pa 90 mukuyenda mamita 25 pa sekondi iliyonse, pa 120 mamita 33. Mu sekondi imodzi ija yomwe diso likuuza phazi kuti pamseu pali mbuzi, mwadutsa kale bwalo la nyumba.

Nanga nthawi? Papepala, makilomita 490 pa 120 ndi maola anayi ndi mphindi zisanu, pa 90 ndi maola asanu ndi theka. Koma Great East Road sadziwa zapapepala. Wothamanga amakapeza mdipiti wa matiraki pa chitunda, amakaima pa roadblock, amakazyolika pa mahampu a m'tauni iliyonse. Kangapo konse motoka yomwe inatidutsa ngati mphenzi ku Chongwe timakaipeza pa Luangwa, eni ake akadasankha nsomba.

Ndiye tinayamba kusaka, titatengana ndi a makanika athu a ku Kalingalinga, bambo wosakamba zambiri. Motoka iliyonse yomwe tinkaisirira, iwo ankafunsa funso limodzi: “Ikafa pa Kacholola, azaikonza ndani?”

Vitz ndiyo inali yoyamba pa mndandanda chifukwa cha mtengo. M'tauni ndi kabwenzi kabwino, kamamwa mafuta ngati mwana wa mbalame. Koma ndi yaifupi, ndipo motoka yaifupi pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo imadumphadumpha pa mseu wa mafunde. Ya injini ya 1.0, mukaikamo anthu anayi, thumba la chimanga ndi eyakoni, pa chitunda imalira momvetsa chisoni, ndipo tiraki ikadutsa mphepo yake imakukankhirani kumbali. Honda Fit ili ndi malo odabwitsa mkati, koma a makanika anakwinya nkhope atamva za giyabokosi yake ya CVT, amati yakale yomwe simukudziwa mafuta omwe inathiridwamo ndi juga. Za hybrid monga Aqua ndi Prius tinazisiya msanga. Phindu lake lalikulu lili m'misewu ya m'tauni momwe mumaima ndi kunyamuka, pomwe ife ulendo wathu ndi wongoyenda osaima, ndipo batire yake ikakalamba, wodziwa kuikonza kupitirira Chongwe ndi wosowa. RAV4 tinangoiyang'ana patali monga mmene munthu amayang'anira nyumba za ku Kabulonga.

Mark X ndiye inatigwira mtima. Tinaipeza pa yadi ina yogulitsa mamotoka, yakuda, ikunyezimira. Tisaname: pa mseu ndi yofewa, ndi yachete, injini yake ya V6 ya 2.5 imangonong'ona. Amayi akanakhala bwino mmenemo. Wogulitsa anati yayenda makilomita 68,000 chabe, ife ya chikole ili kale m'thumba. A makanika anagwada n'kuyang'ana labala ya pa pedulo ya buleki, yomwe inali itatha mpaka chitsulo kuonekera. Anatsegula chitseko, napeza kasitika ka Chijapani kosonyeza pomwe oilo anasinthidwira, ndipo nambala yake inali yoposa kawiri ya pa dashibodi. Kenako anatiwerengera ndi zala: mapulagi asanu ndi imodzi, makoilo asanu ndi imodzi, pampu yapadera ya petulo chifukwa injiniyo imathira mafuta molunjika m'masilinda, ndiponso msonkho wa carbon wa chaka ndi chaka umene umakwera ndi kukula kwa injini. Tinatuluka pa geti wogulitsa akutikuwira kuti achotsako pang'ono.

M'minibasi pobwerera tinawerengeranso. Motoka yoyenda makilomita 10 pa lita, pa maulendo athu a pachaka ifuna malita pafupifupi 780. Yoyenda 15 pa lita ifuna 520. Kusiyana kwake ndi malita oposa 250, ndipo aliyense achulukitse yekha ndi mtengo wa mwezi uno. Kuyambira mu 2022 a ERB anayamba kulengeza mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo mmodzi wa ife ndiye amawerenga chilengezocho pa nkhani. Kuwerenga ndi mawu osanjenjemera kuti petulo wakwera, iwe mwini uli ndi V6 panja, pamafunika mtima wina.

Allion anaitchula ndi a makanika okha. Iyo ndi Premio ndi mapasa: Toyota inazitulutsa pamodzi mu 2001, pansi n'zofanana, kusiyana kuli pa nkhope ndi zokongoletsa zamkati, ndipo Premio pa msika wathu imadulirako chifukwa imaoneka yaubwana. Pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita 2.7, kutalikirapo kuposa Corolla ya zaka zomwezo, ndiye wokhala kumbuyo amatambasula miyendo, komanso motoka siigwedezeka pa tinthu tating'ono. Zilipo za injini zitatu. Ya 2.0 ya mtundu woyamba, yolembedwa D-4, anatiuza kuti tiilambalale, chifukwa ikayamba kudwala imafuna dokotala wa m'tauni. Ya 1.8 ili ndi mphamvu yabwino podutsa matiraki. Ya 1.5, yomwe dzina lake ndi 1NZ, ndi injini yomwe ili mu Corolla, Fielder, RunX, Spacio, IST ndi Probox, kutanthauza kuti masipeya ake mudzawapeza ngakhale m'kashopu ka ku Petauke, ndipo mnyamata aliyense wa pansi pa mtengo wa mango anaitsegulapo. Ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa timing, ndiye nkhawa imodzi yachepa.

Tinaganizapo zoitanitsa ku Japan monga amachitira ambiri: kulipira pa intaneti, kudikira sitima ku Dar es Salaam, kukakumana nayo ku Nakonde, kulipira msonkho wa ZRA umene umatengera zaka za motoka ndi kukula kwa injini, kenako makilomita pafupifupi 1,000 kutsika nayo ku Lusaka. Njirayo ndi yabwino kwa amene ali ndi ndalama yapadera ya zadzidzidzi, chifukwa kwacha ikhoza kugwa sitima ili pakati pa nyanja. Ife tinalibe. Tinafunanso motoka yoti tiikhalemo tisanalipire.

Tinaipeza ku Kabwata, ya 2006, ya siliva, ya 1.5. Mnyamata wa ku wayilesi uja sananame kwenikweni, pakuti mwini wake analidi mudala, bambo wopuma pa nchito ya boma amene maso anayamba kumuvuta. Anatulutsa kabuku ka sukulu momwe analembamo tsiku lililonse losintha oilo, makilomita ake ndi mtengo wake. Kabukuko kanatigwira mtima kuposa penti. Tinapita nawo limodzi ku RTSA kukatsimikiza kuti nambala ya chesisi ndi ya injini zikugwirizana ndi white book, n'kusintha dzina la mwini sabata yomweyo. Musamalole zoti “tizasintha pambuyo”. Pambuyo pake wogulitsa amakhala atasamukira ku Solwezi, foni yosagwira.

Koma tisanapereke ndalama tinachita chinthu chimene anthu ambiri sachita. Wogula motoka amathamangira pa mpando wa dalaivala, kugwira chiwongolero, kuyatsa wayilesi. Ife tinakatenga azakhali a ku Mtendere, a msinkhu umodzi ndi amayi, omwenso mawondo amawavuta, n'kuwaika kumbuyo. Tinaona ngati akutha kulowa ndi kutuluka okha, ngati phazi likukola pa chitseko, ngati mutu ukupeza potsamira. Tinawayendetsa dala pa mahampu a m'komboni, kenako mpaka ku Chongwe ndi kubwerako. Pobwerera anagona, pakamwa pali yasa. A makanika anatiyang'ana n'kugwedeza mutu, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Za matayala tikambepo pang'ono, chifukwa ndi pomwe anzathu ambiri amataya ndalama ndi msana womwe. Manambala olembedwa m'mbali mwa tayala ali ndi tanthauzo. Pa 215/45 R17 ya Altezza ija, 45 akutanthauza kuti khoma la tayala ndi 45 peresenti ya m'lifupi mwake, pafupifupi masentimita 10. Pa 195/65 R15 yomwe ili pa yathu, khomalo ndi pafupifupi masentimita 13. Masentimita atatu a labala ndi mpweya amenewo ndiwo amameza dzenje lisanafike pa rimu ndi pa chiuno cha amayi. Tayala la 15 ndi lotsikanso mtengo, ndipo limapezeka paliponse. Yang'ananinso manambala anayi a tsiku lomwe linapangidwa: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Matayala a ba mudala anali ndi mano okwanira koma anali okalamba, labala itayamba ming'alu, choncho ndalama yotsala inapita pa matayala anayi atsopano ndi mashoki akumbuyo. Marimu onyezimira, ma subwoofer ndi tinti zinatsala m'sitolo.

Chinthu chimodzi chosafunikira chimene tinagula ndi kachipangizo kowonjezera mafunde a wayilesi. Mawayilesi a m'mamotoka ochokera ku Japan amagwira FM kuyambira 76 kulekeza 90 chabe, pomwe masiteshoni athu ambiri ali pamwamba pa pamenepo. Munthu wa pa wayilesi kuyenda m'motoka yosagwira siteshoni yake yomwe, anzake akanamuimba nyimbo.

Manje ulendo wathu umayenda motere. Timanyamuka 05:00, thanki yodzaza, mpweya wa m'matayala titauyeza dzulo lake kuphatikizapo la sipeya. Kukacha tili kupitirira Chongwe, ndipo siteshoni yathu imayamba kusasa mawu mpaka kuzimirira. Singano timaisunga pakati pa 85 ndi 90. Pamenepo injini imazungulira pansi pa 2,500, phokoso lake silimveka, ndipo tikhoza kukambirana za fizi ndi lendi popanda kukuwa. Motoka yathu ilibe cruise control, koma phazi linazolowera lokha. M'mapiri a Manenekela, pomwe mseu umakhotakhota kutsikira ku Luangwa, timachotsa overdrive, pena kuika giya pa 2, kuti injini ithandize kugwira motoka. Wotsika mapiri amenewo ataponda buleki njira yonse amafika pansi mabuleki akununkha, ndipo akatentha kwambiri amasiya kugwira. Zigoba za matiraki zomwe zili m'maphompho a m'mbali mwa mseu aliyense amaziona.

Pa msika wa pa Luangwa timaima, tifune tisafune. Amayi amatsika, amayenda pang'ono atagwira chiuno, amakangana mtengo wa nsomba zouma ndi madengu ngakhale sakugula. Kenako timawoloka mlatho uja wa 1968 wopachikidwa pa zingwe, pang'onopang'ono, asilikali akuyang'ana. Kutsidya mseu ndi wabwinoko chifukwa anaukonzanso mpaka ku malire a Mwami, ndipo ndi komwe chiyeso chimakula, phazi limayabwa. Koma ndi komwenso kuli njinga zambiri, ngolo za ng'ombe, ana a sukulu ndi nkhumba zosadziwa hutala. Ku Nyimba timagula nthochi, timalipira pa toll gate yotchedwa dzina la Alexander Grey Zulu, ndipo tikamadutsa Sinda mawayilesi a kum'mawa amakhala akumveka bwino, amayi n'kuyamba kutiuza za anthu omwe akutchulidwa pa mauthenga.

Mafuta timawayeza mwa njira yachikale: kudzaza thanki mpaka pampu idule yokha, kulemba makilomita, kudzazanso pofika, n'kugawa. Pa 90 yathu imatipatsa makilomita 15 kapena 16 pa lita, ndiye kuti malita 32 kufika ku Katete, ndipo thanki ya malita 60 imafika ikadali ndi pafupifupi theka. Ulendo umodzi tinachedwa kunyamuka, tinaithamangitsa, inatipatsa 12. Malita asanu ndi anayi anapita ndi mphepo, ndipo tinapindula mphindi zosakwana 40, zomwe tinakazitayanso podikira amayi kuti amalize kumanga nkhuku miyendo.

Zovuta zilipo, ndipo wofuna kutitsanzira azidziwe. Injini ya 1.5 ikanyamula anthu anayi, chimanga, nshawa ndi maungu, kudutsa tiraki pa chitunda kumafuna kuleza mtima. Timadikira pomwe mseu ukuoneka patali, timazimitsa eyakoni, ndipo nthawi zina timangokhala kumbuyo kwa tiraki makilomita asanu tikupuma utsi wake. Madalaivala a matiraki amathandiza ndi indiketa, yakumanja kuti usadutse, yakumanzere kuti kutsogolo kuli bwino, koma timadutsa pokhapokha maso athu aona okha. Allion ndi yotsikanso. Makilomita otsiriza a fumbi opita kumudzi, nthawi ya mvula, imakhula mimba pa mizere yomwe ngolo zinakumba, ndipo kawiri konse tatsitsa anthu ndi katundu kuti iwoloke kakhwawa. Masiku amenewo RAV4 ija imabweranso m'maloto.

China chovuta ndi mabasi. Basi ikafika kumbuyo kwanu pa 90, imadzaza galasi lonse, ikuthwanimitsa nyali ndi kuliza hutala ngati mwaiba kanthu. Poyamba tinkachita mantha n'kuwonjezera liwiro, komwe ndi kulola munthu wina kuyendetsa motoka yanu ali m'motoka yake. Tsopano timayang'ana malo owongoka, timapatukira kumanzere pang'ono, timachepetsa, ipite. Tikamati kuyenda mofatsa sitikukamba za kukwawa pa 50 pakati pa mseu waukulu, mzere wa mamotoka khumi uli kumbuyo. Woteroyo amakwiyitsa anthu mpaka amadutsa pa kona, ndipo ngozi yake imagwera ena. Usiku sitiyenda konse. Boma lomwe mu 2016 linaletsa mabasi kuyenda usiku, ndipo ife amene tinaonapo tiraki yofa pamseu yopanda nyali, chizindikiro chake nthambi za mtengo chabe, sitifuna wina wotiuza.

Manyazi nawo alipo, tisabise. Kudutsidwa ndi Vitz yodzaza ana a koleji akukubayibitsa pawindo kumaluma penapake. Pa maukwati omwe mmodzi wa ife amakhala MC, Allion saiika pa mzere wa akwati, amaituma kukatenga mapoto ndi azakhali. Msuweni wa Altezza uja amatitcha “ba pensioner”, ngakhale kuti motoka yake ili pa njerwa mwezi wachinayi tsopano, kudikira sipeya yochokera ku Dubai. Ndipo m'nyumba mwathu momwe mkangano sunathe: wina amati 100 ndi yololedwa ndipo siipha munthu, wina amati tinapangana 90. Nthawi zambiri amapambana ndi amene wakhala pafupi ndi amayi.

Amayi sanaphonyepo tsiku la chipatala chigulireni motokayi. Ali ndi pilo wawo amene amakhala pa mpando wakumbuyo kumanzere, ndi chitenje chofunda miyendo chifukwa amati eyakoni ndi mphepo ya m'mochale. Ulendo wathawu anagona titangochoka pa Kacholola, mlatho sanauone, anadzuka tili pa Chongwe n'kufunsa ngati tawoloka kale Luangwa. Atamva kuti nsomba zatsala kumbuyo anakhumudwa, ndipo anatuma mwana wawo kuti auze apongozi kuti ulendo wina aziwadzutsa.

Sabata yatha mnyamata wa nyimbo za Loweruka uja anatipeza pabwalo la wayilesi tikupukuta galasi. Anazungulirazungulira, kenako anati akufuna kukajambula mawu ku Kulamba, ku Mkaika, kumapeto kwa Ogasiti, koma ya basi yamuchepera. “Ba boss, mulibe ka space?” Tinamuuza kuti malo alipo, tinyamuka 05:00, ndipo pobwerera adzakhala kumbuyo pakati pa amayi ndi thumba la nshawa. Anafunsa kuti tikafika nthawi yanji. Titamuuza, anawerengera ndi zala, anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Wati abweretsa flash ya nyimbo.